Khadi yachikasu ya Lamulungu lija ndi ndime yomaliza yomwe sinathe

Mlembi wa komiti ya mpikisano:
Akuluakulu nonse a pagulu lino, landirani moni. Monga ambiri mukudziwa, masewero a ndime yomaliza ya mpikisano wathu wa m'midzi sanafike kumapeto Lamulungu lapitali, ndipo mbuzi ndi mayunifomu zomwe tinayenera kupereka kwa opambana zikadali m'manja mwa msungichuma. Ndifotokoza zomwe ndinaona ndili m'mbali mwa bwalo, kuti yemwe anaona mosiyana andikonze. Kutatsala mphindi pafupifupi 12, matimu atafanana mphamvu 1-1, womwetsa zigoli wa timu yovala zobiriwira analowa m'bokosi atatsala ndi goloboyi yekha, ndipo wotchinga kumbuyo wa timu yovala zoyera anatsetsereka kuchokera m'mbali n'kumugwetsa. Woyimbira anapereka penate ndi khadi yachikasu. A zobiriwira ankafuna khadi yofiira. Penate inamenyedwa, goloboyi anaigwira, ndipo apa mpamene kaputeni wa zobiriwira anathamangira woyimbira n'kumukankha pachifuwa ndi manja awiri. Anaonetsedwa khadi yofiira koma anakana kutuluka, ochemerera analowa m'bwalo, ndipo woyimbira anatha masewero pomwepo. Komiti ikumana Loweruka, koma tisanakumane tikufuna kumva maganizo anu pa zinthu ziwiri: chikho chipite kuti, ndipo kaputeniyo alandire chilango chotani.

Kochi wa timu yovala zobiriwira:
Zikomo a mlembi, mwafotokoza mwachilungamo ndipo sindikutsutsa kalikonse pa ndondomeko ya zomwe zinachitika. Sindikuikira kumbuyo mnyamata wanga pa zomwe anachita, chifukwa ngakhale ine ndinachita manyazi pamaso pa mafumu omwe tinawaitana. Komabe ndikupempha kuti tisayambire nkhaniyi pakati. Aliyense amene anakulira mu mpira amadziwa kuti wotchinga womaliza akagwetsa munthu amene akupita kukamwetsa chigoli, khadi yake ndi yofiira, ndipo timu ija ikanatsala ndi osewera 10 mphindi zomalizira. Chachiwiri, goloboyi wawo anachoka pamzere mpira usanamenyedwe, ndipo anthu onse amene anali kuseri kwa golo anaona. Zolakwika ziwiri zazikulu m'mphindi ziwiri, zonse zopweteka timu imodzi, anyamata omwe akhala akusonkha ndalama zawo za ku usodzi kuti alipire galimoto, munthu aziganiza chiyani?

Woyimbira wopuma, Monkey Bay:
Achimwene a kochi, ndimakulemekezani, koma pa mfundo yanu yoyamba mukugwiritsa ntchito lamulo lomwe linasintha kale. Zimene mukunenazo zinali zoona mpaka m'chaka cha 2016, pamene bungwe la IFAB, lomwe ndi lokhalo lili ndi mphamvu yosintha malamulo 17 a mpira wa miyendo, linakonzanso Lamulo 12. Anthu ankadandaula kuti cholakwa chimodzi chinkabweretsa zilango zitatu pakamodzi: penate, kutulutsidwa kwa wosewera, komanso kuletsedwa kusewera masewero otsatira. Kuyambira chaka chimenecho, ngati wosewera walepheretsa mwayi woonekeratu wa chigoli mkati mwa bokosi lake, woyimbira n'kupereka penate, ndipo wosewerayo amayesadi kufikira mpira, chilango chake ndi khadi yachikasu. Maganizo ake ndi akuti penateyo yabweza kale mwayi womwe unatayika. Khadi yofiira imatsala pamene wosewerayo wakoka malaya, wagwira mnzake, wamukankha, kapena panalibe mwayi uliwonse woti angafikire mpira. Cholakwa chomwecho chikachitikira kunja kwa bokosi, khadi ndi yofiira ndithu, chifukwa firikiki sibweza mwayi wofanana ndi womwe unalipo.

Choncho funso lomwe tiyenera kufunsa si lakuti kodi anali wotchinga womaliza, mawu omwe ndimawamva pa mabwalo athu onse koma mulibe m'buku la malamulo. Bukulo limauza woyimbira kuti aone mtunda wapakati pa cholakwacho ndi golo, komwe masewero akulowera, ngati wosewerayo akanatha kukhala ndi mpira m'mapazi mwake, komanso malo ndi chiwerengero cha otchinga. Zikakwanira zimenezi, ndiye afunse ngati wogwetsayo ankafuna mpira kapena munthu. A mlembi alemba kuti mnyamatayo anatsetsereka kuchokera m'mbali. Ngati phazi lake linkaloza ku mpira koma anachedwa, woyimbira uja anachita ndendende zomwe buku likunena, ndipo ndikanakhala ine ndikanatulutsa khadi yomweyo.

Kochi wa timu yovala zobiriwira:
Bambo, ndamva ndipo ndikuvomereza kuti zimenezi sindinkazidziwa. Koma ndiloleni ndifunse: ngati ine kochi, amene ndakhala ndi timuyi zaka zambiri, sindinauzidwepo za kusinthaku, anyamata anga akanadziwira kuti? Ndipo za goloboyi uja simunayankhe.

Woyimbira wopuma, Monkey Bay:
Za goloboyi sindinayankhe dala chifukwa kunalibe ine, koma lamulo lake ndi ili. Pomwe mpira ukumenyedwa, goloboyi ayenera kukhala ndi mbali ya phazi limodzi pamzere wa golo, molingana nawo kapena kumbuyo kwake. Phazi linalo likhoza kukhala kutsogolo, ndipo apa mpamene ochemerera ambiri amasokonezeka, chifukwa akaona thupi lapita kutsogolo amafuula kuti wachoka pamzere pomwe chidendene chimodzi chikadali pomwepo. Ngati mapazi onse awiri anachokadi ndipo anagwira mpira, penate imenyedwenso ndipo goloboyi achenjezedwe pakamwa ulendo woyamba. Pamenepo mwina muli ndi mfundo. Koma Lamulo 5 limanena kuti chigamulo cha woyimbira pa zomwe zachitika m'masewero ndi chomaliza, kutanthauza kuti komiti yathu ilibe mphamvu yokhala pansi Loweruka n'kugamula kuti penate ija ibwerezedwe.

Goloboyi wakale, Malindi:
Ine ndinaima kuseri kwa golo lomwelo, ndipo ndikufuna ndifunse onse amene akulumbira kuti anaona goloboyi akuchoka pamzere: mzere wake uti? M'mawa anyamata anathira phulusa, koma pofika chigawo chachiwiri fumbi linali litaufotsera, ndipo pakati pa mitengo iwiri ija panali dzenje lomwe magoloboyi akhala akukumba ndi mapazi chaka chonse. Bokosi lenilenilo linayezedwa ndi mapazi a munthu, ndipo ndikukayika ngati linakwana mamita 16.5 omwe amafunika, kapena ngati malo omenyera penate anali pa mamita 11. Ine maso anga anandiuza kuti goloboyi anasuntha msanga, koma sindingaike dzanja pa buku lopatulika kuti mapazi onse anali kutsogolo. Tikumufunsa woyimbira kuti aweruze ngati wa pa kanema pomwe bwalo tamupatsa ndi la kumudzi.

Mayi mphunzitsi wa masewero, Namwera:
Ndikuthokoza bambo a ku Monkey Bay chifukwa cha phunziroli, lomwe ndikalipereka kwa atsikana ndi anyamata anga kusukulu. Koma ndikuona kuti tikuthera nthawi yambiri pa khadi yachikasu pomwe nkhani yaikulu ndi manja omwe anafika pachifuwa cha woyimbira. Tiyerekeze kuti woyimbira analakwitsadi zonse ziwiri. Kodi zimenezo zikuchepetsa mlandu wa kaputeni? Ine ndikuti ayi, ndipo ndikuopa kuti tikapitiriza kukambirana motere, anyamata omwe akuwerenga mwakachetechete pagulu pano atolapo phunziro lakuti kukankha woyimbira n'kololedwa bola ukhale ndi chifukwa chomveka. Ana a sukulu anali ambiri pabwalo paja, ndipo Lolemba lake ndinamva ena akutamanda kaputeniyo kuti ndi mwamuna weniweni.

Anyamata athu amaonera mpira wa ku England m'nyumba za kanema sabata iliyonse, choncho aziona ndi zotsatira zake zomwe. M'chaka cha 1998 Paolo Di Canio, akusewera ku Sheffield Wednesday, anakankha woyimbira Paul Alcock atapatsidwa khadi yofiira, ndipo analetsedwa masewero 11. M'chaka cha 2023, Aleksandar Mitrović wa Fulham anakankha woyimbira pa masewero awo ndi Manchester United ndipo analetsedwa masewero 8. Amenewa ndi anthu omwe matimu awo amawalipira ndalama zankhaninkhani ndipo amawafuna m'bwalo sabata iliyonse, koma anakhala pansi. Ife kuno wosewera amapatsidwa khadi yofiira Lamulungu, ndipo Lachitatu timamupeza akusewera mu bonanza ina kutsidya kwa mlatho, atavala yunifomu ya timu ina, popanda womufunsa.

Wochemerera, Mpondasi:
Mayi aphunzitsi anena zoona pa mfundo yomalizayo, koma ine ndili ndi funso lomwe anthu akuliopa. Woyimbira uja anasankhidwa ndi ndani, ndipo anamulipira ndi ndani? M'dera lonse anthu akunena kuti amachokera mudzi woyandikana ndi wa timu yoyera, komanso kuti anabwera pa njinga yamoto imodzi ndi mmodzi wa akuluakulu a timuyo. Sindikunena kuti anadya kanthu, koma munthu ukaona zotere mtima sukhala m'malo, ndipo ochemerera analowa m'bwalo ali kale ndi maganizo amenewo chiyambire masewero.

Mlembi wa komiti ya mpikisano:
Achimwene, funso lanu ndi loyenera koma ndikupempha kuti tisatchule dzina la munthu kapena mudzi wake pano. Yankho lake ndi lochititsa manyazi kwa ife a komiti. Woyimbira yemwe tinagwirizana naye poyamba anatiuza Loweruka usiku kuti ali pa maliro, ndipo tinapempha yemwe anapezeka. Ndalama ya mayendedwe tinalibe m'thumba la komiti, motero amene anali ndi njinga yamoto ndiye anakamutenga. Onyamula mbendera tinatenga mmodzi ku timu iliyonse, ndipo m'malo mwa mbendera anagwira nthambi za mtengo. Cholakwa chimenecho ndi chathu, osati cha woyimbira.

Woyimbira wa tsikulo:
Akuluakulu, ndakhala ndikuwerenga kuyambira m'mawa ndipo ndinaganiza zokhala chete, koma poti nkhani yafika pa njinga yamoto, ndibwino ndilankhule ndekha. Ndinakwera njinga ija chifukwa inali yokhayo yomwe inabwera kudzanditenga, ndipo pobwerera ndinayenda wapansi mtunda wautali chifukwa palibe amene anafuna kuoneka ali nane. Sindinalandire kanthu kwa wina aliyense, ndipo ngakhale ndalama yomwe komiti inandilonjeza sindinaifunse mpaka lero.

Pa kugwetsedwa kuja ndinali pafupi, ndipo ndinaona phazi la wotchinga likupita ku mpira koma womwetsa zigoli anaukankhira kutsogolo kaye, phazilo n'kupeza mwendo. Ndinapereka penate ndi khadi yachikasu, ndipo ndikanapatsidwanso mwayi ndikanachita chimodzimodzi. Pa penate ndikuvomereza poyera kuti sindinaone mapazi a goloboyi. Ndinkayang'ana womenya ndi osewera omwe ankalowa m'bokosi msanga, ndipo amene anayenera kundithandiza pamzere wa golo anali mnyamata wa timu yoyera, yemwe ngakhale akanakweza nthambi yake kapena ayi, theka la bwalo silikanamukhulupirira. Sindingayimbe wezulo pa chinthu chomwe sindinaone chifukwa chakuti anthu akufuula. Ngati goloboyi anachokadi pamzere, ndiye kuti a zobiriwira analakwiridwa ndipo ndikupepesa kwa a kochi.

Chomwe chinandipweteka kwambiri si kukankhidwa. Ndi chakuti nditatulutsa khadi yofiira ndinayang'ana kwa akuluakulu a matimu onse ndi a komiti, kudikira kuti wina abwere adzamutulutse mnyamatayo, koma aliyense anayang'ana kumbali. Lamulo limati wosewera wotulutsidwa achoke m'bwalo ndi malo onse ozungulira, koma woyimbira alibe mphamvu yonyamula munthu. Ali ndi wezulo ndi makhadi awiri basi. Nditaona anthu akulowa, ena atanyamula miyala, ndinatha masewero chifukwa ndili ndi ana kunyumba.

Kochi wa timu yovala zobiriwira:
Achimwene oyimbira, mawu anu andilasa. Ine ndine mmodzi mwa amene anayang'ana kumbali, ndipo ndinatero chifukwa mtima unali utandiwawa. Ndinayenera kulowa n'kumugwira dzanja mnyamata wanga. Pepani.

Woyimbira wopuma, Monkey Bay:
Mwachita zaulemu a kochi, ndipo ndikuuzeni kuti kuyambira m'chaka cha 2019 woyimbira amaloledwa kuonetsa khadi yachikasu kapena yofiira kwa makochi ndi akuluakulu a timu omwe ali pa benchi, ndipo ngati wolakwa pa benchipo sakudziwika, khadiyo imapita kwa kochi wamkulu. Lamuloli linaikidwa podziwa kuti khalidwe la osewera limayambira pa benchi.

Mawu a mnzanga wachinyamatayu akuti ali ndi wezulo ndi makhadi awiri basi andikumbutsa komwe makhadiwo anachokera. Pa World Cup ya 1966, pa masewero a England ndi Argentina, woyimbira wa ku Germany anatulutsa kaputeni wa Argentina, Antonio Rattín, koma iye anakana kuchoka kwa mphindi zingapo ndipo panalibe chinenero chomwe awiriwo akanamvana. Ken Aston, Mngelezi amene ankayang'anira oyimbira, ndiye anaganiza zotengera mitundu ya magetsi a pamsewu, ndipo makhadi anayamba kugwira ntchito pa World Cup ya 1970 ku Mexico. Khadi inapangidwa kuti aliyense amve chigamulo popanda womasulira. Koma payokha ndi kapepala chabe. Imalemera chifukwa cha zomwe zili kumbuyo kwake: lipoti lolembedwa la woyimbira, komiti yomwe imaliwerenga, ndi kaundula wa osewera woti wolangidwa asabisale. Buku la malamulo 17 aja silinena kuti wokankha woyimbira aletsedwe masewero angati. Zimenezo zimalembedwa ndi eni mpikisano. Matimu a mu ligi yaikulu ya dziko lino ali pansi pa malamulo a SULOM, bungwe loyendetsa ligiyo, ndi FAM, bungwe loyang'anira mpira wa miyendo m'Malawi muno, koma mpikisano wathu uli pansi pa chiyani? A mlembi, kodi tili ndi pepala lililonse lomwe matimu anasainira tisanayambe?

Mlembi wa komiti ya mpikisano:
Bambo, tilibe. Tili ndi ndandanda wa masewero ndi kope la ndalama zolembetsera basi. Zina zonse tinagwirizana pakamwa pansi pa mtengo wa mango tsiku lochita maere, ndipo za masewero othera panjira sitinazikambe n'komwe chifukwa palibe ankaganiza kuti zingachitike.

Woyimbira wopuma, Monkey Bay:
Ndiye apa mpamene pagona nkhani ya chikho. Lamulo 7 limati masewero omwe athera panjira amabwerezedwa, pokhapokha ngati malamulo a mpikisano kapena okonza mpikisanowo agamula mwina. Popeza malamulo olembedwa palibe, komiti ikhoza kugamula, koma chigamulo chilichonse chopatsa timu yoyera chikho patebulo chidzaoneka ngati lamulo lopangidwa mlandu utachitika kale. Ine ndikanakonda masewero abwerezedwe onse pa bwalo lina, kaputeni wa zobiriwira asasewere, ndipo oyimbira atatu achokere kunja kwa madera a matimu awiriwa.

Mmodzi wa akuluakulu a timu yovala zoyera:
Ndakhala chete chifukwa sindinkafuna kuoneka ngati ndikuthamangira mbuzi, koma maganizo a bambowa sindikugwirizana nawo kwathunthu. Timu yathu sinakankhe munthu, ochemerera athu sanayambe kulowa m'bwalo, ndipo pomwe masewero ankaima ife tinali 11 pomwe anzathu anayenera kutsala 10, kutatsala mphindi zochepa. Mukabwereza masewero onse kuyambira pachiyambi, iwo abwerera ali 11 ndi mphindi 90 zatsopano, kutanthauza kuti chisokonezo chawapindulira. Chaka chamawa timu iliyonse yomwe yaona kuti zinthu zaipa idzadziwa chochita: kankhani woyimbira, itanani ochemerera, mudzapatsidwa tsiku lina. Ngati tikubwerera m'bwalo, tisewere mphindi zomwe zinatsala zokha, zigoli zikhale 1-1, iwo akhale 10, ndipo zikatha choncho tipite ku mapenate monga tinagwirizana.

Goloboyi wakale, Malindi:
Mfundo imeneyi ndi yolemera ndipo ine ndasintha maganizo nditaiwerenga. Vuto lake ndi la ndalama chabe, chifukwa kubwereka galimoto kuti anthu akasewere mphindi 12 kudzaoneka kopepuka kwa amene amasonkha. Koma chilungamo chake chili pomwepo.

Malume a kaputeni wa zobiriwira:
Akuluakulu, ine si wa mpira kwenikweni, ndinalowetsedwa pagulu lino dzulo chifukwa cha mphwanga. Ndabwera kudzanena kuti kubanja takhala naye pansi ndipo walakwa, palibe wa ife amene akumuikira kumbuyo. Iye ndi wokonzeka kupita kwa a woyimbira pamodzi ndi ine kukapepesa pamaso pa a mfumu, monga timachitira munthu akalakwira mnzake. Chomwe ndikupempha n'chakuti polanga musamuchotseretu mu mpira. Mnyamatayu akachoka kunyanja m'mawa, chomwe chimamusunga kuti asapite kumowa ndi anzake ndi bwalo lomwelo, ndipo ndaona anzake omwe anasiya mpira momwe athera. Mulangeni ndithu, koma musiye khomo lotsekula.

Mayi mphunzitsi wa masewero, Namwera:
Amalume, mwalankhula ngati kholo ndipo kupepesa pamaso pa a mfumu ndi chinthu chabwino chomwe chiyenera kuchitika. Komabe kupepesako kukonza ubale wa anthu awiri, pomwe chilango cha komiti chikuteteza woyimbira wina amene adzaime pa bwalo lomwelo chaka chamawa. Ziwirizi zisalowane m'malo. Ine ndikupereka ganizo lakuti aletsedwe mpikisano wonse wotsatira, osati moyo wonse, ndipo komiti ilembere makalata okonza mabonanza ena a m'dera lino kuwadziwitsa za chiletsocho, apo ayi tidzangomusamutsira ku bwalo lina. Pa nthawi ya chiletsoyo, ngati alidi wolapa, abwere azinyamula mbendera pa masewero a ana a sukulu Loweruka, kuti alawe momwe zimamvekera anthu akamakunyoza chifukwa cha ofusayidi yomwe iwe waiona bwino.

Ndionjezere chinthu chimodzi chokhudza mtsogolo. Malamulo amalola kuti m'mipikisano ya achinyamata ndi ya m'madera ngati yathuyi, wosewera wochenjezedwa atulutsidwe kwa kanthawi, monga mphindi 10 pa masewero a mphindi 90, kenako n'kubwerera. IFAB inavomereza zimenezi m'chaka cha 2017, ndipo ku England akhala akuzigwiritsa ntchito m'maligi ang'onoang'ono pa mlandu wotsutsana ndi woyimbira kuyambira 2019. Kwa ife zingathandize kwambiri, chifukwa khadi yachikasu kuno siopedwa, popeza palibe amene amawerenga kuti wosewera wasonkhanitsa angati, pomwe mphindi 10 pa benchi zimapweteka timu nthawi yomweyo ndipo anzake omwe ndi amene adzamutseke pakamwa. Kaputeni ujatu anayamba kulongolola kuyambira chigawo choyamba, ndipo akanakhala pansi msanga mwina mtima ukanazizira.

Woyimbira wa tsikulo:
Mayi, ganizo lanu ndi labwino koma likufuna munthu wachinayi wokhala ndi wotchi ndi kope m'mbali mwa bwalo. Ine ndekha sindingathe kusunga nthawi ya masewero, nthawi ya otulutsidwa awiri kapena atatu, n'kumathamanganso pa dzuwa la kuno la mwezi wa Okutobala. Anthu anaseka woyimbira wa ku Zambia, Janny Sikazwe, pamene anatha masewero a Tunisia ndi Mali nthawi isanakwane pa mpikisano wa maiko a mu Africa wa AFCON ku Cameroon mu Januwale 2022, koma ife amene timayimba mpira 2 koloko masana m'mphepete mwa nyanja tikudziwa zomwe kutentha kumachita ndi mutu wa munthu. Malamulo amalola kupuma kwa mphindi imodzi kuti anthu amwe madzi, kapena mpaka mphindi zitatu kukatentha kwambiri, ndipo ndikupempha kuti zimenezi zilowe m'pepala lomwe mulembe. Pa za amalume, ndine wokonzeka kuwalandira, ndipo sindikusunga mangawa. Koma lipoti langa ndilemba monga zinachitikira ndipo ndipereka kwa a mlembi Lachisanu tikatuluka ku mzikiti.

Wochemerera, Mpondasi:
Ine ndikubweza mawu anga okhudza njinga yamoto, a woyimbira andikhululukire. Koma ndikufunsabe za ife ochemerera, chifukwa kaputeni alangidwa, nanga amene ananyamula miyala? Ambiri timawadziwa, ndipo ena si a timu iliyonse, ndi anthu omwe anabetcha ndalama pa masewerowo ndipo ankaona kuti zikupita. Popanda chingwe chozungulira bwalo ndi anthu a chitetezo cha m'mudzi oima m'makona, woyimbira aliyense amene mumuitane adzayimba akuyang'ana njira yothawira.

Woyimbira wopuma, Monkey Bay:
Pa za mphindi zotsala, ndagonja kwa akulu a timu yoyera, mfundo yawo yaposa yanga. Ndikungopempha kuti m'pepalalo mulowenso lamulo lakuti pa zigamulo zikuluzikulu kaputeni yekha ndiye afike kwa woyimbira, monga anachitira pa Euro 2024 ku Germany, ngakhale ndikudziwa kuti wina aseka poti pa nkhani yathuyi wolakwa ndi kaputeni yemweyo. Zimenezo zikungosonyeza kuti makochi asamapereke lamba wa ukaputeni kwa womwetsa zigoli zambiri, koma kwa amene amatha kuugwira mtima. Ndipo komiti ipite ku ofesi ya zamasewero ya boma lino kukafunsa za maphunziro a oyimbira oyamba kumene, kuti mudzi uliwonse ukhale ndi anthu awiri kapena atatu odziwa buku, atsikana omwe. Bernadettar Kwimbira, Mmalawi mnzathu, ananyamula mbendera pa World Cup ya amayi ku Canada mu 2015 ndi ku France mu 2019, choncho a mayi aphunzitsi asasiye atsikana awo kumbuyo. Ine ndikudzipereka kubwera tsiku lochita maere a mpikisano wotsatira kudzafotokozera makochi ndi makaputeni onse zomwe zasintha, kuphatikizapo lamulo latsopano la 2025 lakuti goloboyi akagwira mpira kupitirira masekondi 8, timu inayo imapatsidwa kona.

Kochi wa timu yovala zobiriwira:
Ndalankhula ndi anyamata madzulo ano. Sanakondwe, koma avomera kusewera mphindi zotsalazo ali 10, bola mzere wa golo uthiridwe laimu osati phulusa, ndipo onyamula mbendera asakhale a timu iliyonse. Pa chiletso cha kaputeni tidzamva zomwe komiti igamule, ngakhale ndikadakonda kuti chiwerengedwe m'masewero osati mpikisano wonse, chifukwa sitidziwa kuti mpikisano wotsatira udzakhalako liti.

Mlembi wa komiti ya mpikisano:
Ndalemba zonse ndipo ndizitengera ku msonkhano wa Loweruka, womwe uyambe 9 koloko m'mawa pa malo a nthawi zonse. Timu iliyonse itumize anthu awiri, ndipo amalume a kaputeni ndi olandiridwa kudzamvera koma sadzavota. Chomwe palibe wayankha mpaka pano ndi ndalama ya mayendedwe ndi malipiro a oyimbira atatu ochokera kutali, kuphatikizapo ngongole yomwe tili nayo kwa woyimbira wa Lamulungu lija. Msungichuma wandiuza kuti m'thumba mwatsala ndalama yosakwana kugula thumba la laimu, ndipo akufunsa ngati matimu awiriwa angagawane mtengowo pakati, kapena tigulitse mbuzi ya opambana kachiwiri. Amene ali ndi ganizo pa zimenezi alembe pano lisanafike Lachisanu madzulo.